ZA KUMUNDA: Makina okololera mpunga, oyamba kugula ndi ati?

Mvula ikatsazika mu Epulo, madambo a m'mphepete mwa nyanja m'boma la Lago amayamba kuchita chikasu. Kuyambira ku Meluluca kummwera, kudzera ku Metangula, Chuanga ndi Messumba, mpaka kumpoto ku Cobué, banja lililonse limene lili ndi ndime ya mpunga limayamba kuwerenga masiku. Nsima ya chinangwa ndiyo chakudya cha masiku onse m'midzi imeneyi, koma mpunga ndiwo umagula yunifolomu ya mwana, malata ndi ukonde watsopano, ndiponso ndiwo umaphikidwa pa ukwati, pa Khirisimasi ndi pa Idi. Choncho achikumbi akaona pa foni makina akumweta munda wonse pa kanthawi kochepa, mtima umachita dyokodyoko.

Funso limene limavuta makalabu ndi ili: ndalama zikapezeka, kaya zosonkha, kaya zangongole, kaya zochokera kwa bungwe lothandiza, agule makina ati poyamba? Makina oyenera ndi amene angathe kufika pamunda, amene angakonzedwe pafupi akawonongeka, ndiponso amene angapeze ntchito yokwanira kubweza mtengo wake. M'midzi yambiri ya kunyanja, makina okwanitsa zitatu zonsezi ndi opunthira ang'onoang'ono. Kalabu yosankha molakwa imatsala ndi chitsulo chochita dzimbiri pansi pa mtengo wa mango, ngongole ili pakhosi.

Kodi mpunga umatayikira pati?

Sing'anga sapereka mankhwala asanadziwe matenda. Chimodzimodzinso mlimi ayenera kuyamba wadziwa pamene mpunga wake ukutayikira.

Mpunga umapsa patapita masiku pafupifupi 30 kuchokera pamene ngala zatuluka ndi kuchita maluwa. Nthawi yabwino yomweta ndi pamene njere 8 mwa njere 10 zilizonse pa ngala zasanduka zachikasu ngati udzu wouma. Pa nthawiyi chinyezi cha m'njere chimakhala magawo 20 mpaka 25 pa 100, ndipo njereyo ikalumidwa imamveka yolimba koma siphwanyika ngati galasi. Mlimi akafulumira, njere zambiri zimakhala zosakhwima ndipo zimasanduka ufa pachigayo. Akachedwa, njere zimayoyokera pansi, mpheta ndi makoswe zimadya, mapesi amagwera m'matope. Palinso kuwonongeka kwina kosaoneka ndi maso. Mpunga wouma kwambiri m'munda ukamanyowa ndi mame usiku ndi kuumanso masana, njere zimachita ming'alu m'kati, ndipo pachigayo zimatuluka zodukaduka. Mpunga woduka mtengo wake ndi wotsika pamsika uliwonse.

Masiku abwino okolola ndi owerengeka, sabata imodzi kapena ziwiri basi. Tsoka lake nlakuti masiku omwewo manja amasowa. Usiku wamdima abambo ndi anyamata amachezera panyanja kupha usipa, ana amakhala ali kusukulu, ndipo chimanga cha kumtunda chimafunanso anthu. Ntchito yaikulu imatsalira amayi.

Bungwe lofufuza za mpunga la IRRI, limene likulu lake lili ku Philippines, limawerengera kuti kumweta hekitala imodzi ndi zenga, limene ena amati chisikilo, kumatengera munthu mmodzi maola 40 mpaka 80, ndiwo masiku 5 mpaka 10. Kudula ngala imodziimodzi ndi kampeni, monga amachitira alimi ambiri a m'Mozambique, kumatenga masiku ochuluka kuposa pamenepo. Komabe ndime zambiri za kunyanja sizifika hekitala, kotero kuti kumweta banja limatha kulimbana nako. Pamene pamathina ndi pambuyo pake: kututa mitolo, kuunjika, kuomba ndi ndodo, kupeta ndi kuyanika. Mpunga womweta ukakhala pamulu masiku angapo uli wonyowa umatentha, njere zimachita chikasu kapena nkhungu, ndipo zina zimamera.

Tsono kalabu isanapite kusitolo, ndi bwino mlembi wake alembe zochitika za nyengo imodzi yokha: banja lililonse linatha masiku angati pomweta, mpunga unakhala masiku angati pamulu, ndipo unapunthidwira pa chiyani. Kabuku kameneka kadzanena kokha makina amene akufunika.

Zenga ndi lona

Zida zoyamba zilibe injini. Zenga la mano onga a sowo limamweta msanga kuposa kampeni, ndipo siligwedeza ngala kwambiri. Lona wamkulu woyala pansi amapulumutsa njere zimene zikanalowa m'dothi popuntha. Mpunga wopunthira pa dothi umasakanikirana ndi mchenga ndi timiyala, ndipo wogula akangomva mwala pa dzino, amatsitsa mtengo wa thumba lonse.

Lona yemweyo ndi woyanikira. Mpunga uyalidwe mopyapyala, masentimita 2 mpaka 4, ndi kumautembenuza pafupipafupi, kufikira chinyezi chitatsika pa magawo 14 pa 100. Wosungira mbewu utsike pa magawo 12. Banja limene lilibe zida ziwirizi silinafike pokamba za injini, pakuti makina opunthira nawonso amafuna lona pansi pake.

Makina opunthira opalasa ndi phazi

Makina amenewa ali ndi chigubu chozungulira chokhala ndi mano a waya wopinda. Munthu amapalasa ndi phazi monga amachitira telala pa makina osokera, uku atagwira mtolo wa mpunga kuti ngala zikhudze manowo. Njere zimathothoka, mapesi amatsala m'manja. Safuna mafuta, anthu awiri amawanyamula, amakwera njinga kapena bwato, ndipo wowotcherera zitsulo waluso angathe kuwakonza, ngakhale kuwapanga kumene.

Pali zinthu ziwiri zofunika kudziwa. Choyamba, mpunga uyenera kumwetedwa ndi mapesi aatali kuti pakhale pogwira, choncho wodula ngala ndi kampeni ayenera kusintha ndi kuyamba zenga. Chachiwiri, makinawa sapeta. Lichero ndi mphepo zimagwirabe ntchito yake, ndipo mwayi wake ngwakuti mwera umayamba kuwomba nyengo yomweyi.

Makina opunthira a injini

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, akatswiri a ku IRRI motsogozedwa ndi Amir Khan anapanga makina opunthira amene munthu amangoponyamo mpunga ndi mapesi omwe. Njere zimatulukira mbali ina, mapesi mbali ina, ndipo chokupiza mphepo chimachotsa mankhusu opanda kanthu. Makinawa anafala kwambiri ku Philippines ndi ku Thailand chifukwa chakuti amisiri a m'matauni ang'onoang'ono ankatha kuwapanga okha.

Ku Africa kuno nzeru imeneyi inafika kudzera ku Senegal. Alimi a m'chigwa cha mtsinje wa Senegal ankadandaula kuti makombaini ndi odula ndi osachedwa kuwonongeka, pamene kupuntha ndi manja kunkachedwetsa ntchito. Bungwe la WARDA, limene tsopano likutchedwa AfricaRice, pamodzi ndi mabungwe a SAED ndi ISRA a m'dzikomo, anakonza makina a mtundu womwewo kuti agwirizane ndi minda ya kumeneko, nawatulutsa mu 1997 ndi dzina lakuti ASI. Anthu 6 opuntha ndi manja ankatulutsa pafupifupi tani imodzi pa tsiku, koma ndi ASI anthu omwewo amatulutsa matani 6. Mu 2003 makinawa analandira mphotho ya pulezidenti wa Senegal ya za sayansi, ndipo anafalikira m'maiko oyandikana nawo.

Chimene chinapangitsa ASI kufala nchakuti amisiri a komweko ndiwo ankawapanga, ndipo masipeya ankapezeka pafupi. ASI ndi makina olemera okokedwa pa matayala, koma alipo ena a mtundu womwewo ang'onoang'ono, amene injini yake imamasulidwa ndipo anthu anayi amawanyamula pa mitengo. Amenewa ndiwo oyenera midzi imene njira yake ndi ya miyendo kapena ya bwato.

Makina omwetera oyenda nawo pansi

Awa ali ndi matayala awiri ndi mipeni kutsogolo yotalika kupitirira pang'ono mita imodzi. Woyendetsa amatsatira pambuyo, ndipo mpunga umagonekedwa pambali mumzere. Pa munda wabwino amamaliza pa tsiku limodzi ntchito imene munthu wa zenga akanathera sabata yathunthu.

Koma munda wabwinowo ndi wotani? Ndi wosalala, wouma pansi, wa mpunga woima chilili. M'masikimu a mthirira alimi amatseka madzi kutatsala masiku 7 mpaka 10 kuti amwete, nthaka nkulimba. M'madambo odalira mvula ndi mitsinje, monga a m'chigwa cha Lunho, mlimi alibe chotsekera madzi. Chaka chimene nyanja yakwera, monga inachitira mu 2024, ndime za kumunsi zimakhala zonyowa mpaka nthawi yokolola, ndipo matayala amatitimira. Ndiponso mitundu yaitali yonunkhira, monga Kilombero ndi Faya ya ku Malawi, imakonda kugwa ikalemedwa, ndipo mpunga wogwa makinawa amangoudutsa pamwamba.

Kuwonjezera apo, makina omwetera amachulukitsa mitolo yodikira kupunthidwa. Kalabu yogula omwetera ilibe opunthira imangokulitsa mulu umene ukuwola kale.

Kombaini

Kombaini imamweta, kupuntha ndi kupeta nthawi imodzi, njere nkumagwera m'thumba. Yodziwika kwambiri m'minda ya mpunga ya kuno kummawa kwa Africa ndi ya kampani ya Kubota, monga DC-70. Imayenda pa malamba a mphira m'malo mwa matayala, imamweta mamita awiri nthawi imodzi, imamaliza mahekitala angapo pa tsiku, ndipo imalemera pafupifupi matani 3. Ntchito yake ndi yosiririka, koma chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Dziko la Mozambique linaphunzirapo kale. Ufulu utabwera mu 1975, boma linaika mbali yaikulu ya minda yothirira ya ku Chókwè m'chigawo cha Gaza m'manja mwa kampani yake yotchedwa CAIL, ndipo linagula kunja mathirakitala ndi makombaini ambirimbiri. Masipeya ankasowa, amakaniko anali ochepa, makina ambiri anaima, ndipo anthu ankatengedwa kutali kukamweta mpunga ndi manja. Pambuyo pa msonkhano waukulu wachinayi wa Frelimo mu 1983, CAIL inagawidwa ndipo minda ina inaperekedwa kwa mabanja. Akuluakulu a m'Niassa akukumbukiranso minda ya boma ya ku Matama ndi ku Unango, kumene makina ambiri anathera pomwepo nkhondo itavuta. Ngakhale mathirakitala 513 amene boma linagula ku Brazil cha m'ma 2015 ndi kuwaika m'malo obwereketsa makina, anathandiza kwambiri alimi a minda yaikulu ya pafupi ndi misewu kusiyana ndi a timinda tomwazikana.

Kulipo kumene kombaini ikugwira bwino ntchito pakati pa alimi wamba. Ku Mbarali m'chigawo cha Mbeya ku Tanzania, makombaini ang'onoang'ono anachuluka m'zaka za m'ma 2010. Kumeneko chigwa ndi chachikulu ndi chosalala, minda ya mpunga ndi yogundizana mahekitala zikwizikwi, msewu waukulu ndi njanji zili pafupi, ndipo ogulitsa masipeya ali m'tauni. Mlimi wamba sagula kombaini. Amalipira mwini wake kuti amukololere, ndipo mwiniyo akamaliza dera lina amakweza makina pa lole kupita dera lina. Zimenezi ndizo zimabweza ndalama zake.

Kunyanja kwa Lago zinthu nzosiyana. Mapiri amatsikira pafupi ndi madzi, ndipo madambo ndi ang'onoang'ono, olekanitsidwa ndi miyala ndi mitsinje. Kombaini ya matani 3 sikwera ngalawa ya asodzi.

Masamu a pamudzi

Nachi chitsanzo chongoyerekeza, chimene kalabu iliyonse ingasinthe ndi kuikamo manambala ake. Mudzi uli ndi mabanja 40, ndipo banja lililonse lili ndi kota ya hekitala. Pamodzi ndi mahekitala 10. Alimi ang'onoang'ono a m'Mozambique odalira mvula amakolola pafupifupi tani imodzi pa hekitala, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50. Mudzi wonse ukolola matumba 200. Ngati agwirizana kuti pa matumba 10 aliwonse limodzi ndi la makina, pa chaka makinawo apeza matumba 20.

Pa matumba 20 amenewa pachoke mafuta, malipiro a woyendetsa ndi omuthandiza, lamba watsopano, oyilo, mtengo wonyamulira, ndi gawo la ngongole. Kombaini ingamalize mahekitala 10 amenewa pa masiku atatu kapena anayi, nkukhala chaka chonse osagwira ntchito, ndipo matumba 20 sangayandikire nkomwe mtengo wake. Ngakhale makina opunthira a injini angamalize matumba 200 pa masiku ochepa. Kuti abweze ndalama ayenera kuyendera midzi inayi kapena isanu yoyandikana.

Masamu amenewa akuonetsa njira. Mudzi umodzi wokha uyambe ndi malona, mazenga ndi makina opalasa awiri kapena atatu. Midzi ingapo yogwirizana, kapena munthu wabizinesi amene ali ndi boti kapena njinga yamoto yokoka ngolo, angathe kugula opunthira a injini. Omwetera abwere pambuyo pake, pokhapokha pamene pali ndime zouma ndi zosalala. Kombaini idikire tsiku limene kudzakhale sikimu yaikulu ndi msewu wodutsa lole.

Njira ndi nyanja

Kuchokera ku Lichinga kukafika ku Metangula ndi makilomita opitirira pang'ono 100, kudzera ku Maniamba ndi kutsetsereka phiri. Mpaka pamenepo galimoto imafika bwino. Kupitirira apo kulowera kumpoto, msewu ndi wafumbi, ndipo nthawi yokolola umakhala usanachire mabala a dzinja. Midzi ina ya m'mphepete mwa madzi njira yake yodalirika ndi bwato.

Nyengo yokolola mpunga ndiyonso chiyambi cha mwera. Asodzi onse akudziwa kuti mwera ukakalipa boti limakhala kumtunda masiku awiri kapena atatu. Choncho wogula afunse kulemera kwa makina asanafunse mphamvu zake. Afunse ngati injini imamasulidwa, ngati anthu anayi angakweze chotsalacho m'boti, ndiponso ngati chingadutse pa mlatho wamitengo. Pokonza ndondomeko ya midzi asiye masiku apadera a mphepo, kuti mudzi wotsiriza usadikire mpunga uli pamulu.

Ena amaganiza zokagula makina kutsidya, kudzera ku Likoma ndi Nkhata Bay, kapena ku Mbamba Bay m'Tanzania. Ayambe afunsa kwa a kasitomu za msonkho ndi makalata ofunika, ndi kuwonkhetsa zonsezo pa mtengo. Makina olowa mozemba ali ngati mbuzi yakuba, mwini wake sagona tulo. Aganizirenso kuti chitsulo chikathyoka mu Meyi, chatsopano chidzachokera kutsidya komweko.

Adzakonza ndani?

Makina aliwonse amawonongeka, ndipo amawonongeka pa nthawi ya ntchito. Tsiku limene lamba waduka, mpunga wa banja lina uli pamulu ukudikira. Nchifukwa chake injini yabwino ndi imene amakaniko a pafupi anaizolowera kale. Ku Metangula ndi m'madoko ena alipo anthu odziwa injini za maboti, za njinga zamoto, za mapampu a madzi ndi za dizilo za chigayo. Makina opunthira okhala ndi injini yofanana ndi ya pampu kapena ya chigayo ali ndi dokotala wake kale.

Popita kukagula, kalabu itenge makaniko wake. Iyeyo ayang'ane malamba, maberingi, mano a chigubu ndi sefa, ndipo afunse m'masitolo a ku Lichinga ngati zinthu zimenezi zimapezeka. Tsiku logula makina ndilo tsiku logulanso lamba wapadera, mapulagi, sefa ya mafuta ndi masipanala. Wogulitsa alize makinawo ndi mpunga weniweni ogula akuona, ayang'ane ngati njere zikusweka kapena zikutuluka pamodzi ndi mapesi. Safunsa anadya phula.

Alangizi a zaulimi ku ofesi ya SDAE ku Metangula ndi oyenera kufunsidwa ndalama zisanatuluke. Iwo angadziwe ngati pali kalabu ina imene inayesapo makina a mtundu womwewo, ndiponso ngati pali thandizo la boma kapena la mabungwe limene kalabu ingapemphe.

Mwini wake ndani?

Mutu umodzi susenza denga, koma katundu wa anthu onse amasowa womupukuta fumbi. Makina a gulu amafa msanga ngati aliyense ayendetsa, aliyense abwereka, ndipo palibe wolipira chifukwa onse ndi achibale. Makalabu amene makina awo amakhalitsa amachita zinthu zitatu. Amasankha woyendetsa mmodzi ndi womuthandiza, amene amaphunzitsidwa ndipo amalandira malipiro pa thumba lililonse. Amalemba m'buku matumba opunthidwa ndi mafuta ogulidwa tsiku ndi tsiku, ndipo bukulo limawerengedwa pamaso pa onse. Amapatula gawo la masipeya lisanagawidwe phindu lililonse.

Malipiro ndi bwino akhale a mpunga, otengedwa pomwepo pamunda, pakuti m'mwezi wa Meyi ndalama m'thumba mulibe, ndipo ngongole ya pachibale sibwerera. Mndandanda wa oyamba ndi otsiriza ukonzedwe mpunga usanapse, potsata tsiku limene banja lililonse linabzala. Ukakonzedwa potsata maudindo, a mfumu ndi a komiti adzakhala oyamba chaka ndi chaka, ndipo amayi amasiye adzakhala otsiriza.

Woyendetsa asalole ana kuyandikira. Lamba akhale ndi chotchinga, amayi amange zitenje zolimba, ndipo pochotsa mapesi otsekera injini iyambe yazimitsidwa. Dzanja lolowa m'chigubu silibweranso lathunthu, ndipo chipatala chachikulu chili kutali ku Lichinga. Fumbi la mpunga limayabwa ndi kutsokomoletsa, choncho ogwira ntchito amange kansalu kumphuno.

Aganyu ndi okunkha

Nkhani ina imene amuna amaiwala pamsonkhano ndi ya anthu amene amadya chifukwa cha ntchito ya manja. M'midzi yambiri amayi osauka amamweta ndi kupuntha m'minda ya anzawo ndi kulandira mpunga, ndipo agogo amakunkha ngala zotsala. Kombaini imachotsa ntchito zonsezi tsiku limodzi. Makina opunthira amachotsa ndodo yokha, imene imathyola msana, koma amafunabe omweta, otuta, oponya mitolo ndi osoka matumba. Pamsonkhano wosankha makina amayi akhalepo ndipo alankhule, popeza ndiwo akudziwa ntchito imene imawapweteka ndi imene imawadyetsa.

Mbewu ndi makina ziyendere pamodzi

Kampeni kali ndi nzeru yake. Mbewu ikakhala yosakanizika, ngala zina zimapsa msanga, zina mochedwa, ndipo mayi wa kampeni amasankha zakupsa zokha ndi kubweranso tsiku lina. Zenga ndi makina zimamweta zonse nthawi imodzi. Choncho banja lofuna kusiya kampeni liyambe ndi kuyeretsa mbewu: kubzala mtundu umodzi pa ndime imodzi, kuzula mapesi achilendo asanapse, ndi kupuntha mpunga wa mbewu pawokha. Woyendetsa makina ayeretse m'kati asanachoke pa munda wina kupita pa wina, kuti asasakanize mitundu.

Ilipo mitundu yaifupi yosagwa msanga, monga Makassane imene bungwe la IIAM pamodzi ndi IRRI linatulutsa mu 2011, ndi ina yochokera ku malo ofufuzira a Lifuwu ku Salima m'Malawi. Koma mlimi asataye mpunga wake wonunkhira chifukwa cha makina. Dziko la Mozambique limagula kunja mpunga wambiri kuposa umene limalima, ndipo m'masitolo mwadzaza matumba ochokera ku Asia. Mpunga wa kunyanja ungapikisane nawo pa fungo, pa ukhondo ndi pa njere zosaduka. Fungo lili m'mbewu, ndipo ukhondo ndi njere zathunthu zimachokera ku kupuntha msanga pa lona ndi kuyanika bwino. Makina opunthira amagwira mpunga wautali ndi waufupi womwe.

Mapesi otuluka m'makina asatenthedwe. Abwezeredwe m'munda kapena aunjikidwe kuti awole, pakuti ndiwo chakudya cha nthaka ya chaka chamawa.

Mafunso asanu ndi awiri

Kalabu kapena munthu wofuna kugula ayankhe mafunso awa, mayankho alembedwe m'buku:

1. Kodi ntchito imene ikuchedwetsa ndi iti, kumweta, kupuntha kapena kuyanika?
2. Kodi makinawa adzagwira matumba angati pa chaka, ndipo m'midzi iti?
3. Kodi adzafika bwanji pamunda, ndipo adzanyamula ndani?
4. Kodi makaniko ali kuti, ndipo sipeya yofunika ingafike pa masiku angati?
5. Kodi mafuta adzagulidwa kuti, ndipo ndalama zake zidzachokera kuti mpunga usanagulitsidwe?
6. Kodi woyendetsa ndani, wosunga buku ndani, ndipo makinawo adzagona m'nyumba ya yani dzinja lonse?
7. Kodi chaka chimene mvula yavuta kapena nyanja yamiza minda, ngongole idzabwezedwa ndi chiyani?

Funso limodzi likasowa yankho, ndalamazo zidikire. Chaka chimenecho agule malona ndi mazenga, ayese makina opalasa, alembe matumba, ndipo adzakhalenso pansi pambuyo pokolola. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Sabata yamawa tsamba lino lidzafotokoza za kasungidwe ka mpunga wosapuntha mankhusu, ndi kusiyana kwa chigayo cha zitsulo ndi cha mphira pa nkhani ya njere zoduka.